Amene Ankasambitsa Amayi Anga

Ndinakula ndikudziwa kuti tsidya lina la mtsinje wa Domasi kuli mdani wathu. Anali mkazi wachiwiri wa bambo anga. Mwaulemu ndinkayenera kumawatchula kuti mayi aang'ono, koma kunyumba kwathu dzina lawo linali "uja wa kutsidya," ndipo amayi akamalitchula ankapotoza mlomo ngati alawa bwemba. Bambo anali telala wa pakhonde la sitolo ina pa Songani. Sabata ino ankagona kwathu, sabata inayo kutsidya, ndipo tsiku losintha likakwana ankamangirira wailesi yawo pa njinga n'kupita nayo. Sabata ya kutsidya kwathu kunkangoti zii. Ndisaname, ine chimene chinkandiwawa kwambiri ndili mwana sichinali kuchoka kwa bambo koma kwa wailesiyo.

Amayi ndi mayi aang'ono sankamwerana madzi. Ankalimbirana chilichonse: tizidutswa ta nsalu totsala pa makina a bambo, nyama ya pa Idi, ngakhale zoti ndani amachapa bwino mkanjo wa Lachisanu. Amayi posinja ankapeka nyimbo zowanyoza, ine n'kumavomera ndi khosi langa lonse. Mwa ana anayi amene amayi anabereka ndinapulumuka ndine ndekha, choncho chidani chonse cha m'nyumba imeneyo ndinachilandira ndekhanso, ndipo ndinachisamala bwino. Pa maliro a bambo, mayi aang'ono anandipatsa madzi akumwa ine n'kuyang'ana kumbali. Tsiku limenelo ndinadziona kuti ndine mwana wabwino kwambiri.

Chapakati pa zaka za m'ma 1980 ndinali nditalembedwa ntchito yotaipa pa ofesi ina komweko ku Domasi. Ndinali ndisanakwatiwe, ndinkakhalabe ndi amayi m'mudzi mwathu kwa Malemia, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayenda wapansi nsapato za ku ntchito zili m'jumbo kuti zisade. Anthu ankanditchula kuti akalaliki. Ena ankatero mwaulemu, ena mondiseka, koma ine zonse ndinkazilandira chimodzimodzi, chifukwa matama ndinali nawo ndithu.

Matenda a amayi ndinawazindikira mochedwa. Ndinangoona kuti asiya kutukula ndowa ndi dzanja lamanzere, ndipo chitenje akuchimanga m'mwamba kwambiri, pafupi ndi khosi. Nditawapanikiza anavomera kuti m'bere muli chotupa, kuti chakhalamo kupitirira chaka, ndiponso kuti tsopano chaphulika. Ndinapita nawo kuchipatala ku Zomba, kumeneko n'kutitumiza ku Blantyre. Namwino atati avule, amayi ananditulutsa panja. Pambuyo pake dokotala anandiitanira pambali n'kundilankhula m'Chingerezi, poona kuti ndikumva. Anati ndi khansa ya m'bere, yafalikira kale kukhwapa ndi kwina, kudula sikungathandizenso. Anatipatsa mapiritsi ochepetsa ululu, n'kunena kuti bala lizitsukidwa ndi madzi a mchere tsiku ndi tsiku.

Mu basi pobwerera amayi anandifunsa kuti, "Amati chiyani dokotala uja?"

Ine ndinati, "Akuti muchira, amayi. Bola muzimwa mankhwala."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako n'kutembenukira kuwindo. Anati, "Chabwino, mwana wanga."

Kuyambira pamenepo ndinavula zilimbe. Ndinagula matiresi atsopano ndi fulasiki. Ndinkaphika phala la mpunga la mkaka ndisanapite ku ntchito, ndinkabweretsa malalanje, mapiritsi ndinkawapatsa poyang'ana wotchi ngati namwino weniweni. Ndikalowa m'chipinda amayi ankadzuka, kukonza duku, n'kundimwetulira. Ndikati, "Muli bwanji lero?" ankati, "Lero ndiye ndiliko bwino." Ine n'kumati, "Mwaonatu, muchira." Mawu amenewa tinkapatsana m'mawa ndi madzulo ngati moni, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti ndikuwalimbitsa mtima.

Chinthu chimodzi chokha anandikaniza. Ndikatenthetsa madzi n'kukaika kubafa yathu ya udzu kuseri kwa nyumba, ankati, "Siya pamenepo, ndisamba ndekha." Dzanja lamanzere linali litatupa ngati mtondo, sankatha kulitukula, koma ankalowabe okha n'kukoka chiguduli chotseka pakhomo. Bala lija ine ndinali ndisanalione. Ndinkangolimva fungo, ndi kuona ntchentche zikuwatsatira.

Tsiku lina madzulo ndikuchokera ku ntchito, nsapato zili m'jumbo, ndinamva kuseka kuseri kwa nyumba. Kunali kuseka kwa amayi, kwenikweni kuja kothera m'chifuwa, kumene ndinali ndisanakumve kwa miyezi. Ndinaima. Munali mawu awiri m'bafamo, ndipo achiwiriwo ndinawazindikira nthawi yomweyo. Patapita kanthawi chiguduli chinatseguka, n'kutuluka mayi aang'ono, beseni lathu lili m'manja, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo.

Anati, "Mwaweruka, akalaliki?"

Ndinayang'ana kumbali. Anakhuthula madziwo patsinde pa nthochi n'kubwereranso mkati kukawatenga amayi.

Nkhani ya kubwera kwa mayi aang'ono ndinaimva kwa amayi enieniwo, akufotokoza uku akuseka. Akuti mayi aang'ono anamva za matendawo kuchigayo, ndiye anawoloka mtsinje n'kudzaima pakhomo, osaodira n'komwe. Anati, "Achemwali, ndamva kuti mukufa, ndiye ndati ndidzaone ndekha." Amayi anayankha kuti, "Waona, bwerera. Mwamuna anatha kale, pano palibenso choti ube." Mayi aang'ono anangonunkhiza m'mwamba n'kunena kuti, "Bala limeneli silikutsukidwa bwino," basi n'kupita kukasonkha moto. Amayi ankafotokoza zimenezi ngati nkhani yokoma kwambiri.

Kuyambira tsikulo ankabwera masana aliwonse, atamaliza za kumunda kwawo kwa mpunga. Ankabwera ndi nsanza zowiritsa bwinobwino, mchere pang'ono, ndi lubani wofukiza m'chipinda kuti fungo lichepe. Masiku ena ankatenga matemba ootcha ndi chinangwa, kapena mango osapsa ndi mchere wa tsabola. Phala langa la mkaka amayi ankalawa masipuni atatu n'kunena kuti akhuta. Matemba a kutsidya ankadya mpaka kunyambita zala. Ndinayesa kugula matemba omwewo pa Songani n'kuwaotcha ndekha, koma anangodyako awiri, n'kundithokoza kwambiri.

Ndinayamba kuweruka mothamanga kuti ndizipeza akadali m'bafa. Ndinkanamizira kwanula zovala pa chingwe chimene chinali pafupi, makutu ali ku udzu. Zimene ndinkamva kumeneko sindinazimvepo m'chipinda. Madzi a mchere akakhudza bala amayi ankabuula, kubuula kochokera pansi pamimba, n'kumati, "Mayo ine, mayo ine!" Mayi aang'ono sankawatonthoza ayi. Ankangoti, "Lirani, achemwali, ndakugwirani. Lirani, patsala pang'ono." Ululu ukatsika ankayamba kukangana. Ankakumbutsana za kansalu kena kobiriwira kamene bambo analonjeza onse awiri, za mkonono wa bambo, za tsiku limene anatukwanizana pachitsime mpaka ndowa kugwera m'madzi. Aliyense ankaumirira kuti wolakwa anali mnzake, ndipo mapeto ake ankaseka.

Tsiku lina sanaseke. Ndinamva amayi akunena motsitsa kuti, "Iwe, ndikuopa."

Mayi aang'ono anati, "Ndikudziwa. Ndani sangaope?"

"Dokotala anamuuza mwanayu zoona, iye akundibisira. Ndiye ine ndimangovomera kuti asataye mtima."

"Msiyeni, ndi mwana. Zoonazo muzindiuza ine."

Ndinaima pachingwepo nditagwira bulauzi yanga youma kale. Atatuluka, amayi anandiona n'kukonza nkhope nthawi yomweyo. Anati, "Wafika, mwana wanga? Lero ndiye ndiliko bwino."

Munthu wanzeru akanamva chisoni, mwinanso manyazi. Ine ndinamva nsanje, ndipo ndikunena mosabisa. Inali nsanje yeniyeni. Ine ndi amene ndinawaperekeza ku Blantyre, ine ndi amene ndinkadzuka m'mamawa kuphika, ine ndi amene ndinadana ndi mayi ameneyu moyo wanga wonse chifukwa cha iwo. Tsopano ine ankandipatsa kumwetulira kwa alendo, misozi yawo n'kumakaipereka kwa mdani. Chidani chimene anandiphunzitsa iwo anali atachitaya osandiuza, ine n'kutsala nditachisenza ndekha ngati chitsiru.

Loweruka lina m'mawa, tili awiri, ndinawafunsa. Ndinati, "Amayi, bwanji simulola kuti ndizikusambitsani ine? Kodi si ine mwana wanu?"

Anati, "N'chifukwa chake."

"Sindikumva."

"Bere limeneli unayamwa ndiwe. Uzilikumbukira mmene linalili."

"Nanga uja wa kutsidya?"

Anaseka pang'ono. "Uja akandiona nditawola sakutaya kanthu. Anandionapo kale pa zoipa zanga zonse."

Yankho limenelo linali lomveka, koma ine sindinalilole kulowa m'khutu. Chimene ndinamva n'choti pali chipinda china mwa amayi anga chimene ine sindiloledwa kulowamo, ndipo kiyi wake ali ndi mayi wa kutsidya.

Ndiye ndinachita chinthu chimene ndi munthu wa ntchito yanga yekha akanachiganiza. Lolemba masana anzanga atapita kokadya, ndinalowetsa pepala loyera m'makina n'kutaipa kalata m'Chingerezi. Ndinalemba ngati yachokera kwa dokotala. Inkati bala la wodwalayu likukula chifukwa chogwiridwa ndi manja a kumunda ndiponso nsanza za m'mudzi, choncho kuyambira lero aziligwira munthu wophunzira yekha, wa m'nyumba momwemo. Pansi pake ndinakhwatcha siginecha yosawerengeka, n'kudindapo chidindo cha deti chimene tinkadinda pa makalata obwera. Inaoneka bwino kwambiri. Ntchito yanga ndinkaidziwa, panalibe ngakhale chilembo chimodzi cholakwika.

Tsikulo ndinaweruka msanga n'kukawadikira mayi aang'ono powolokera, pamiyala pamene azimayi amachapira. Anali akubwerera kwawo, kamtolo ka nsanza zochapa kali pamutu. Ndinawaimitsa, ndinatulutsa kalata ija, n'kuiwerenga mokweza m'Chingerezi choyamba, kuti amve kulemera kwake, kenako n'kumasulira. Mayi aang'ono sankadziwa kuwerenga, ndipo pepala lotaipa lokhala ndi chidindo ankaliopa monga ankaopera anthu onse a msinkhu wawo masiku amenewo.

Ndinkayembekeza kuti akangana nane, ndipo mawu owabwezera ndinali nditakonza kale. Koma sanakangane. Anatula kamtolo kaja, n'kuyang'ana manja awo, kutsogolo ndi kumbuyo.

Anati, "Ndiye kuti ndine ndikulikulitsa?"

Ndinati, "Ndi mmene alembera."

"Koma ndimasambatu m'manja. Nsanzazi ndimawiritsa."

"Ine sindikudziwa. Ndangowerenga zimene zalembedwa."

Anapempha pepalalo, ndinawapatsa. Analipinda mosamala n'kulimanga pa mfundo ya chitenje. Anati, "Musawauze achemwali kuti ndinawapweteka ndine." Anasenzanso kamtolo kawo n'kuwoloka, osacheuka. Ine ndinabwerera kunyumba ndikuyenda mopepuka, ndipo panjira ndinagula malalanje.

Mawa lake ndinapempha tchuthi ku ntchito. Tsopano amayi anali anga ndekha, usana wonse. Dzuwa litapendeka anayamba kuyang'anayang'ana kunjira. Anati, "Uja sanabwere?" Ndinati sanabwere. Ndinatenthetsa madzi, ndinathiramo mchere, ndinatulutsa mabandeji oyera a m'sitolo. Amayi anati, "Siya pamenepo." Analowa okha, ndipo anakhalitsamo kuposa kale.

Tsiku lachiwiri anafunsanso. Lachitatu kunagwa mvula kumapiri, ndiye anati, "Mtsinje wadzaza eti?" Ndikanatha kuvomera, koma anthu ankawoloka tikuwaona akudutsa ndi makasu. Ndinati sunadzaze. Lachinayi ndinalimba mtima, ndinawatsatira kubafa n'kukoka chiguduli. Anali atakhala pa mwala, atandifulatira. Atamva kuti ndalowa anadzifunditsa chitenje chonyowa mwamsangamsanga n'kukuwa kuti, "Tuluka!" Chibadwire changa amayi anali asanandikuwirepo choncho. Ndinatuluka.

Kuyambira tsiku lachisanu anasiyiratu kusamba. Madzi ndinkatenthetsa, n'kuzizira, n'kutenthetsanso. Fungo linadzaza m'nyumba moti achibale obwera kudzazonda ankathera pakhonde. Ndinayesa kufukiza lubani wotsala, koma utsi unangowatsokomoletsa. Anasiyanso kudzuka ndikalowa, duku linangokhala lopendekeka. Ndikafunsa kuti ali bwanji sankanenanso kuti aliko bwino.

Tsiku lachisanu ndi chitatu masana ndinali nditakhala pamphasa pafupi nawo, ndikusenda lalanje limene ndinkadziwa kuti sadya. Analankhula atayang'ana kukhoma.

Anati, "Nayenso fungo lamukwana."

Ndinati, "Ndani, amayi?" ngati sindikudziwa.

"Sindikumunena ayi. Anayesetsa. Ngakhale ine, chikhala kuti munthu amatha kudzithawa, bwenzi nditathawa kalekale."

Mpeni unandicheka pachala osamva. Ndinali nditaganiza zonse polemba kalata ija, deti, chidindo, siginecha, koma sindinaganize kuti amayi adzadzifotokozera okha chifukwa chimene mnzawo wasiyira kubwera. Masiku onsewo anali chigonere akukhulupirira kuti afika poti ngakhale munthu amene sankanyansidwa nawo wanyansidwa nawo. Ndinafuna kuulula, koma sindinatero. Ndinaopa kuti akandiyang'ana ndi maso amene ankayang'anira mayi wa kutsidya kale lija, sindipirira.

M'mawa mwake ndinawoloka mtsinje. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuponda m'mudzi wa mayi aang'ono, ndipo njira ndinachita kufunsa. Ndinawapeza kudambo, atawerama pa nazale ya mpunga, matope ali m'miyendo. Atandiona anaweramuka msanga n'kugwira pamtima.

Anati, "Apita?"

Ndinati, "Ayi, alipo."

"Bala lija layamba kuchepa?"

Apa ndi pamene ndinaona manja awo. Anali atang'ambikang'ambika m'zala, pena pakutuluka magazi, osati ming'alu ya khasu imene tonse timaidziwa. Anaona kuti ndikuyang'ana ndipo anawabisa kumbuyo. Anati ankawakwecha ndi phulusa ndi mchenga m'mawa ndi madzulo, kuti mwina akayera bwino dokotala adzawalola kubwereranso, ngakhale kungogwira beseni.

Ndinaima pa mzere wa munda, nsapato zanga zabwino zikumira, n'kunena zonse. Ndinati kalatayo ndinalemba ndine, dokotala sakuidziwa, manja awo alibe mlandu. Ndinati amayi sanasambe masiku anayi, ndipo akuganiza kuti anathawidwa chifukwa cha fungo.

Mayi aang'ono anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkafuna anditukwane, kapena andimenye ndi matope omwewo, bwenzi zitandipepukira. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa pepala lija, atalikulunga m'kapulasitiki kuti lisanyowe. Anandipatsa m'manja.

Anati, "Iwe mwana iwe. Sukulu yonse ija unapitira zimenezi?"

Anasamba miyendo m'ngalande, anadutsa kunyumba kwawo kukatenga nsanza ndi mchere, n'kuyamba ulendo. Njira yonse anali patsogolo, akuyenda ngati mtsikana, ine ndikupuma wefuwefu pambuyo. Mtima wanga unali pa chinthu chimodzi, kuti tikafika anena.

Analowa m'chipinda osaodira, monga mwa chizolowezi chawo. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Anati, "Unali kuti, mbava iwe?"

Ine ndinali pakhomo, nditagwira mphuthu. Mayi aang'ono sanandiyang'ane n'komwe.

Anati, "Malungo, achemwali. Anandigwetsa sabata yonse. Mumafuna ndidzafere pano, mwanayu asamale mitembo iwiri?"

"Bwanji sunatume munthu?"

"Ndimati mupumeko, mumadandaula kuti ndimalongolola."

Amayi anafuna kuseka koma m'malo mwake analira, kulira kwa mwana amene wapezeka atasochera pamsika. Mayi aang'ono anakhala pa matiresi n'kuwagwira dzanja labwinolo. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena ndi mawu a masiku onse kuti, "Akalaliki, madzi." Ndinapita kukasonkha moto, kalata ija n'kuiponya momwemo.

Za kalatayo sanawauze amayi, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse. Inenso sindinaulule. Mungaganize kuti zimenezi zinandichititsa kuwakonda. Zinandichititsa manyazi, inde, koma nsanje sinachoke, inangowonjezeka. Tsopano anali atandiposa kawiri: anali ndi misozi ya amayi, analinso ndi chinsinsi changa. Ndinabwerera ku ntchito yanga yotenthetsa madzi ndi kuima pachingwe. Kusintha kunali kumodzi, ndinasiya kunena kuti muchira. Ndikalowa m'chipinda ndinkangokhala pansi, ndipo amayi pang'ono ndi pang'ono anasiya kudzikakamiza kudzuka.

Patapita masabata atatu kapena anayi, mpunga atawokera kale, amayi anafooka moti kubafa ankachita kuwanyamula. Madzulo ena ndili pachingwe paja ndinamva mayi aang'ono akuitana.

"Akalaliki, tabwerani kuno."

Ndinaganiza kuti akufuna madzi ena. Ndinafika pachiguduli n'kuima.

Amayi anati, "Ukumuitaniranji?"

Mayi aang'ono anati, "Sindingakugwireni kutsogolo n'kufikanso kumbuyo, manja ndili nawo awiri okha. Phewa langanso likuwawa."

"Ayi. Ndinanena kale."

"Kutsogolo kuno ndili ine, sakuona kanthu. Mwanayu mumpatseko msana, achemwali. Msana ulibe bala. Miyezi yonseyi waima panjapo ngati mbuzi yomangirira, zovala zakezo wazanula n'kuzanikanso mpaka zasuluka."

Ndiye kuti ankadziwa kuti ndimamvetsera, onse awiri. Kenako amayi anapuma mozama.

Anati, "Msana wokha."

Ndinalowa. Amayi anali pa mwala paja, atandifulatira. Mayi aang'ono ananjuta kutsogolo kwawo, atatambasula chitenje kuchokera paphewa kuti mbali ya bala isaoneke. Msana wa amayi unali utatha, mafupa onse akuwerengeka. Ndinatenga sopo n'kuyamba kupaka pang'onopang'ono, kuopa kuti ndingawathyole.

Mayi aang'ono atathira madzi a mchere pabala, amayi anayesa kudzigwira chifukwa cha ine. Ndinamva msana wonse ukuuma pansi pa manja anga. Mayi aang'ono anati, "Lirani, achemwali, wamva kale zonse ameneyu." Ndiye anabuula. Kubuula kuja ndinkakumvera kunja kwa udzu tsopano ndinakumva m'zikhatho, nthiti zikunjenjemera. Dzanja lawo labwino linatambasuka kufuna pogwira, ndipo silinabwere kumbuyo kwa ine, linapita kutsogolo n'kugwira mkono wa mayi aang'ono. Ndinaliona, ndipo zinandiwawa monga kale. Koma manja anga sindinawachotse.

Kuyambira tsikulo msana unali wanga. Ndinautsuka madzulo aliwonse kwa masabata asanu, ndipo bafa itakanika tinkawapukuta pogona pomwepo, mayi aang'ono kutsogolo, ine kumbuyo. Bala lija sindinalione mpaka mapeto. Zaka zapita zambiri, mayi aang'ono nawonso anapita, ndipo ndinawasamala m'kudwala kwawo mmene ndikanathera. Komabe ndikamakumbukira miyezi imeneyo zimandiwawabe, chifukwa ngakhale kamalo kakang'ono kamene ndinapeza pa thupi la amayi anga anachita kundipemphera ndi mayi aang'ono.

Amayi anamwalira masana, mvula ikuwaza pang'ono. Mutu wawo unali pa miyendo ya mayi aang'ono, ndipo mawu awo omaliza anali opita kwa mayi aang'onowo, ofunsa ngati mwana wadya. Mayi aang'ono anati wadya. Ndinali ndisanadye, ndipo ndinali pomwepo, kumapazi, nditawagwira.